Nsanja ya malasha ya sitima yosadya malasha

Pali nkhani yandizunguza mutu, ndiye ndati ndifunse poyera kuti odziwa andithandize. Alamu anga a ku Embangweni, omwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, akuti abwana awo, mkulu wa imvi zake, ali ndi chipinda chathunthu cha zidole za sitima ya pamtunda. Muli njanji, masiteshoni, milatho ndi timapiri. Chilichonse anachichepetsa ka 87, muyezo umene amautcha HO. Panopa mkuluyo watha miyezi akumanga nsanja yothirira malasha. Amadula katoni ndi timatabwa topyapyala, kumata ndi guluu, kupenta, kenako n'kuidetsa dala kuti izioneka ngati yadya mwaye kwa zaka zambiri.

Ndinafunsa kuti kodi tisitimato timayendera malasha? Iwo akuti ayi, timayendera magetsi odzera m'njanjimo. Nanga nsanjayo ndi yachiyani? Akuti ndi yoti zioneke zenizeni. Apa m'pamene ndinasokonekera.

Ya zenizeniyo ndaimvetsa. Sitima ya nthunzi inkafuna moto wowiritsa madzi, ndipo malasha ake inkawasenza kumbuyo kwa mutu. Kuthira matani onsewo ndi fosholo inali ntchito yothyola msana, choncho m'madepoti akuluakulu ankamanga nsanja pamwamba pa njanji. Malasha ankakwezedwa ndi zidebe za makina, mutu wa sitima n'kuima pansi pake, munthu n'kutsegula chitseko, malasha n'kukhuthuka okha. Nsanja ya mamita 26 ikachepetsedwa ka 87 imatsala masentimita 30. Koma kodi munthu amamangiranji nkhokwe kumene sakolola?

Mwina n'kukumbukira zakale. Chabwino. Nanga ife a ku Mzimba tikumbukire chiyani? Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970, ndipo pofika 1980 inali itadutsa Lilongwe mpaka ku Mchinji. Mutu wina wakale wa nthunzi, wotchedwa Shamrock, ukusungidwa ku nyumba ya zinthu zakale ku Chichiri. Ana a ku Blantyre amakaugwira ndi manja. Koma njanjiyo itafika ku Salima inakhotera kumadzulo, ndipo chigawo chonse cha kumpoto chilibe ngakhale mita imodzi. Anaiwala, kapena zitsulo zinawathera panjira?

Ana athu luso ali nalo. Pitani ku Jenda, ku Edingeni kapena pa boma pa Mzimba, muone magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chachitali ndi matayala odula ku patapata wakutha. Amapanga minibasi, lole, ngakhale thiraki yonyamula matabwa a ku Chikangawa. Sitima sapanga. Aionera kuti? Agogo awo ena anaikwerapo popita kumigodi nthawi ya Wenela, koma achinyamata a lero opita ku Joni amakwera basi.

Chondidabwitsa kwambiri n'chakuti malashawo ali konkuno kumpoto. Amakumbidwa ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi m'boma la Rumphi. Amakwezedwa m'mathiraki, n'kuyenda mumsewu wa M1, kudutsa pa Jenda ulendo wa kumafakitale a ku Lilongwe ndi Blantyre.  Kodi katundu wolemera chonchi si amene anapangira njanji? Tikafunsa amati njanji ndi yodula, mapiri a Viphya ndi ovuta, ndiponso malasha athu ndi ochepa. Mwina n'zoona. Koma kukonza msewu umene mathirakiwo amaukumba chaka ndi chaka n'kwaulere?

Malasha a ku Moatize ku Tete anawamangira njanji yawoyawo, yodutsa m'dziko lathu kudzera ku Nkaya ndi Nayuchi mpaka kunyanja ku Nacala, mtunda wa makilomita 912. Sitima zake n'zazitali zedi, mabogi odzaza malasha okhaokha. Ndinaganiza kuti pamenepa ndiye nsanja ija ilipo. Akuti ayi, mitu yake imayendera dizilo. Ndiye kuti sitima yonyamula malasha siwadya, sitima ya chidole yokhala ndi nsanja siwadya, ndipo ife okhala pafupi ndi migodi tilibe sitima. Mayi anga akuphikirabe makala a mitengo ya m'nkhalango, omwe boma limaletsa. Ndani anagawa zinthu chonchi?

Sindikunyoza abwana a alamu anga. Manja awo ndi aluso, ndipo ndalama ndi zawo. Ndikungopempha aphungu athu a ku Mzimba ndi akuluakulu a unduna wa zamtengatenga atiuze m'mawu omveka ngati njanji ya kumpoto ili m'mapulani, iyambira pati, idzera pati, ndipo chaka chiti.