Mlandu suola, kupatula ku Toronto

Tsiku lina mu Januwale chisanu chitandiluma makutu pa University Avenue, ndinathawira m'khoti la pa 10 Armoury Street. Sindinapalamule kanthu ayi. Khomo la khoti n'lotsegukira aliyense, ndipo mkatimo mumafunda bwino. Ndinapeza mlandu wina uli kumapeto, maloya akutsendera mfundo zawo. Pofika apa sipabweranso mboni kapena umboni watsopano. Aliyense amangotola zimene zanenedwa kale n'kuziunjika ngati mayi wa tomato pa Lizulu: ophwanyika pansi, ofiira bwino pamwamba.

Ndili chikhalire pa benchipo ndinayamba kukayikira agogo anga. Iwo ankati mlandu suola. Kuno umaola, ndipo tsiku lake n'lodziwika ngati la pa paketi ya mkaka. Mu Julaye 2016, khoti lalikulu kwambiri la Canada, pa mlandu wa Barrett Jordan yemwe anadikira miyezi yoposa 49 pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo, linagamula kuti mlandu usadutse miyezi 18 m'khoti la chigawo kapena miyezi 30 m'khoti lapamwamba. Ukadutsa apo popanda chifukwa chomveka, woweruza amaununkhiza n'kuutaya kudzala, woimbidwa mlandu n'kunyamuka ulendo wa kwawo.

Nanga kuwerenga miyeziko kumathera pati? Apa m'pamene mawu otsendera aja amaonetsa ntchito yake. Mu 2020 khoti lomwelo, pa mlandu wa ku Manitoba wotchedwa K.G.K., linati wotchi imaima umboni ndi mfundo zomaliza zikatha. Woweruza wa mlanduwo anakhala miyezi 9 akusinkhasinkha, koma miyeziyo sinalowe m'chiwerengero.

Choncho mlandu kuno ndi chambo chochokera ku Mangochi, chopachikidwa kutsogolo kwa minibasi. Loya wa boma ndiye mwini katundu, thukuta lili kamukamu, akupempha dalaivala kuti asaime pa Ulongwe. Loya wa woimbidwa mlandu wakhala pawindo, akuyang'ana dzuwa ndi mtima woyamika. Kuboola tayala saloledwa, chifukwa masiku amene wachedwetsa yekha amachotsedwa. Mawu otsendera ndiwo firiji: chambo chikalowamo, woweruza akhoza kupita kukagona. Ndipo pakhomo pa firijipo pali dongosolo lake. Pa mlandu woweruzidwa ndi gulu la nzika, ndime 651 ya malamulo a milandu yaupandu imati woimbidwa mlandu akaitana mboni amayamba ndiye kulankhula, boma n'kumaliza. Akapanda kuitana, mawu omaliza ndi ake. Lamuloli kunyumba kwanga silinafike.

Ndinaseka ndekha, kenako kuseka kunandithera. Ndinakumbuka anthu amene akhala pa rimandi ku Maula ndi ku Chichiri zaka zingapo, osamva ngakhale mawu oyamba a mlandu wawo. Kumeneko mwambi wa agogo ukugwira ntchito ndithu: mlandu uli gwa, amene akuola ndi munthu. Ngakhale wodandaula wa kuno amene mlandu wake watayidwa chifukwa cha kalendala sangaione nthabwala yanga ya chambo kukhala yoseketsa.

Madzulo ake malume anandiimbira pa WhatsApp, nkhani yake yomwe ija ya mbuzi ya bambo anga imene inadya chimanga chawo mu 1987. Mbuziyo tinaidya pa Khirisimasi chaka chomwecho, malumewo atalandira mwendo wathunthu. Ndinawafotokozera za Jordan mwaulemu, miyezi 18 ndi 30 yomwe.

"Mphwanga," anatero, "ine sindinatsendere mfundo zanga."

"Ndiye kuti waola, amalume."

Anati netiweki ikuvuta, adzaimbanso Loweruka, ndipo ndikonzeretu ya Airtel Money.