Tsiku limene ndinatsuka mabotolo a adona

Ntchito ya ku Cape Town anandipezera ndi alamu anga, amene anagwirapo pakhomo pamenepo asanapeze ina ya m'galaja. Nyumbayo inali ya mayi wachikulire wokhala yekha, wojambula zithunzi ndi burashi ndi penti wamafuta. Zanga zinali kusamala maluwa, kukolopa m'nyumba ndi kutulutsa bini tsiku lotenga zinyalala. Pondisiya, alamu anangoti: "Alamu, chipinda chakumapetocho mukalowamo, manja m'thumba." Ine ndinayesa akunena zithunzi, kuti ndisazikhudze penti asanaume. Sindinafunse zambiri.

Adonawo sankajambula anthu, ngakhale phiri la Table Mountain limene alendo amalithamangira ndi makamera. Ankajambula zinthu za patebulo basi. Akamwa tiyi wam'mawa ankalowa m'chipindamo, n'kuima pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku mpaka dzuwa lifike paliwombo. Pothirira maluwa ndinkawaonera pakhomo. Amatha kuyang'ana ndwii nthawi yaitali, burashi ili m'manja, kenako n'kungodontheza kadontho kamodzi pachinsalu, n'kubwereranso kukayang'ana. Mumtima ndinkati izi n'za anthu okhuta.

Loweruka lina anapita ku Stellenbosch kukaona mdzukulu, n'kundisiyira makiyi. Ndinali wachilendo pantchito, ndipo aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu m'mawa kudikira ganyu akudziwa mmene munthu amafunira kuti abwana aone dzanja lake. Ndinati lero ndiwasonyeza kuti Mmalawi akakonza m'nyumba amakonzadi.

Zimene ndinapeza m'chipindamo zinandimvetsa chisoni. Patebulo panali mabotolo ali mbuu ndi fumbi, ketulo yakale yogamphuka m'mlomo, anyezi awiri atayamba kuphuka, ndi ndimu lofota lomwe mbali imodzi linali litachita chuku. Pansi pa zinthuzo panali pepala lokandakanda ndi pensulo. Pasimenti panamatidwa tizidutswa ta tepi, ndipo zenera analiphimba ndi pepala loyera lopyapyala. Ndinaganiza kuti mayiwa maso ayamba kufooka ndipo palibe wowasamala.

Mabotolo ndinawatsuka ndi sopo mpaka waliwali. Ketulo ndinaikwecha. Tepi ndinaipala ndi mpeni, mapepala onse ndinachotsa, zenera ndinalipukuta kuti kuwala kulowe bwino. Ndimu linapita m'bini. Anyezi sindikanataya, chifukwa kwathu chakudya sititaya. Ndinakazingira ndiwo zanga madzulo omwewo.

Lolemba m'mawa, galimoto ya zinyalala itadutsa kale, ndinabwerera kukamalizitsa kukolopa. Posuntha choimikira chinsalu, nsalu yophimbira inagwa, ndipo ndinaona chithunzicho koyamba. Mtima unangoti myuu. Ndimu langa lija linali pamenepo, ndi chuku chake chobiriwira motuwa, chozunguliridwa ndi kamzere koyera. Fumbi linali pamapewa a mabotolo, lochindikala kumene galasi lapendekeka, lopepuka kumene latsetsereka, moti ndinatambasula chala kufuna kulipukuta. Ndinaona chinthu chimene sindinachione ndili ndi ndimulo m'manja: kachikasu kake kankagwera m'mimba mwa ketulo n'kusintha mtundu wa chitsulocho. Koma mbali ya kumanja inali isanathe. Anyezi anali mizere chabe, msonga zake zophuka zisanalandire penti.

Ndinaimbira alamu manja akunjenjemera. Anakhala kaye chete, kenako anati: "Alamu, ndinakuuzani chiyani? Safunsa anadya phula. Akabwera muwauze zoona, musawonjezere kanthu."

Ndinawonjezera. Ichi ndicho chimandipweteka kuposa kutsukako, chifukwa kutsuka ndinachita mosadziwa, koma izi ndinachita ndikudziwa. Ndinathamangira kuspaza, kagolosale kakang'ono, kukagula anyezi, ndinathyola ndimu kuseri kwa nyumba n'kuliwamba pang'ono pachitofu kuti lifote. Ndinaika zonse patebulo ndikuyang'ana chithunzicho, kusuntha botolo uku, kubweza uko, koma palibe chimene chinkagwirizana, poti ine ndine wamtali kuposa adona ndipo malo amene ankaima ndinali nditawafufuta ndi mpeni wanga. Pomaliza ndinatsegula thumba la makina oyamwira fumbi, n'kuwaza fumbilo pamabotolo.

Adona anafika masana. Analowa m'chipindamo chikwama chikadali paphewa, ndipo ine ndinali kumbuyo kwawo thukuta lili kamukamu. Sanakalipe. Anayang'ana tebulo, anayang'ana pasimenti, anayang'ana zenera, n'kukhala pampando. Patapita nthawi anati: "Fumbi siligwa chonchi." Ndinayamba kunena za mphepo, kuti mwina zenera linatseguka, koma mawuwo anandithera pakamwa. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, mpaka anyezi amene ndinadya. Anandiuza kuti ndidzuke ndipite ndikapume.

Usiku umenewo ndinalongedza katundu. M'mawa mwake, m'malo mondichotsa, anandiitanira kukhitchini, anandithirira tiyi, n'kutsegula buku lalikulu la zithunzi za munthu wa ku Italy dzina lake Giorgio Morandi. Munthuyu anabadwa mu 1890 n'kumwalira mu 1964, ndipo zaka zambiri za moyo wake anakhala mumzinda wa Bologna, mumsewu wa Via Fondazza, m'nyumba imodzi ndi azilongo ake atatu. Chipinda chimene ankagonamo ndi chomwe ankajambuliramo. Ankajambula mabotolo, zitini ndi mitsuko yomweyomweyo, kungoisintha kaimidwe. Fumbi ankalisiya dala kuti likhazikike, chifukwa limapha kunyezimira kwa galasi, ndipo munthu amaona thupi la botolo osati kuwala kothwanima pamwamba pake. Papepala la patebulo pake ankazunguliza pensulo pansi pa chinthu chilichonse kuti adziwe pamene chinaima. Pepala longa limenelo ndi limene ine ndinalikwinya n'kuponya m'bini.

Za zenera anandifotokozeranso. Ku Ulaya ojambula amakonda zenera loyang'ana kumpoto, poti dzuwa sililowamo mwachindunji ndipo kuwala sikusinthasintha. Kuno kum'mwera kwa dziko lapansi n'zosemphana: zenera labwino ndi loyang'ana kum'mwera. La adona linapendekera pang'ono kum'mawa, n'chifukwa chake analiphimba ndi pepala kuti kuwala kufewe.

Madzulo anandionetsa filimu ya mu 1992 ya Víctor Erice, yotchedwa El sol del membrillo. Ndi ya wojambula wa ku Spain, Antonio López, wobadwira ku Tomelloso mu 1936, amene adona ankamulemekeza kuposa onse. Mufilimumo, chakumapeto kwa chaka cha 1990, López akuyesa kujambula kamtengo ka zipatso za quince kamene anadzala yekha pabwalo la nyumba yake ku Madrid. Anakhoma misomali pansi kuti zala za kumapazi kwake zizigunda pamalo amodzi tsiku lililonse. Anamanga zingwe zoyezera. Pazipatso ndi pamasamba ankaika timizere ta penti woyera, ndipo zipatso zikamalemera n'kutsika, ankaikanso timizere tina, kuti adziwe kuti zatsika motani. Kuwala kumene ankafuna kunkabwera kanthawi kochepa m'mawa. Mvula inavuta, chithunzi cha penti anachisiya chosatha n'kuyamba kujambula ndi pensulo, mpaka zipatsozo zinagwa n'kuwolera pansi. Munthu yemweyu anatenga zaka 20 kujambula banja lachifumu la dziko lake, chithunzi chimene chinaonetsedwa mu 2014.

Nditaona misomali ija pansi, ndinalephera kuyang'ana adona kumaso.

Ndinakumbukira kuti nthawi ina ndinawaona akujambula tebulolo ndi foni, ndipo ndinafunsa mwaulemu ngati sangamalizitse poonera pamenepo. Anapukusa mutu. Anati foni inaona tebulolo kamodzi, m'kaphindi kamodzi, ndi diso limodzi. Iwo anali ataliona m'mawa uliwonse kwa miyezi. Ndimu analiika lili lalisisi, ndipo analijambula, kulifufuta, kulijambulanso likamafota, mpaka tsiku limene chuku chinatulukira anaona kuti chithunzi chapeza chimene chinkasowa. Anyezi ankawadikira kuti msonga zitalike pang'ono. Zimene ankajambula zinali masiku onse amene zinthuzo zinakhala pamodzi patebulopo, ndipo masikuwo sakanawatenganso pafoni kapena m'mutu.

Anthu akwathu ndikawafotokozera amaseka, ena amati ndi misala ya azungu kulirira ndimu lowola. Inenso ndinkaganiza choncho, koma tsopano ndimawatsutsa. Mayi uja tebulo lake ankalidziwa monga mlimi adziwira mzere uliwonse wa m'munda mwake, pamene pamadikha madzi ndi pamene chimanga chimafulumira. Ankaimirira maola ambiri msana ukuwawa, kuti asaname ngakhale pa mthunzi wa anyezi. Ine zaka zonse ndakhala ndikusenda anyezi sindinadziwe kuti khungu lake lili ndi mitundu ingapo, kufiira, golide ndi kubiriwira chakumutu, mpaka pamene ndinayamba kuyang'ana monga iwo. Munthu wogwira ntchito motero sindingamutche wosewera.

Chithunzi cha mabotolo chija chinali choti chikaonetsedwe pachionetsero chawo chaka chimenecho, ndipo chikanagulidwa. Chionetsero chinatsegulidwa popanda icho. Ndinawapempha kuti azindidula malipiro mwezi ndi mwezi mpaka atakhutira, koma anakana, n'kunena kuti akanayenera kundilowetsa m'chipindamo okha tsiku loyamba n'kundisonyeza zonse. Mawu amenewo sanandipeputse mtima, chifukwa chenjezo ndinalandira, ndipo fumbi lija ndinawaza ndi manja anga.

Patapita masabata anayamba china, cha mazira ndi tambula ya madzi, ndipo anandipempha kuti ndiwamatire tepi yatsopano pasimenti poti iwo kuwerama kunkawavuta. Ndili chogwada pamapazi awo ndinaona dzanja lawo lamanja likunjenjemera, ndipo anazindikira kuti ndaona. Anandiuza mosabisa kuti pachaka amamaliza zithunzi zowerengeka chabe, ndipo pa msinkhu wawo amadziwa kuti zimene zatsala m'manja mwawo si zambiri. Sananene kuti chimodzi mwa izo ndinawalanda ndine, koma ndinamva, ndipo ndinasowa choyankha.