Mfuti ya chitsononkho

Lachitatu lapitali ndinaitanidwa kusukulu ya mkaka. Mlandu wake: mwana wanga wa zaka zinayi wawombera aphunzitsi. Chida chinali chitsononkho. Chimanga anayamba wakukuta kaye, mwana wosawononga chakudya, kenako n'kuloza: "Thu! Thu! Thu!" Aphunzitsi sanagwe, ndipo mwanayo akuti mlandu weniweni ndi umenewo, chifukwa munthu akawomberedwa amayenera kugwa.

"Bambo, m'mera mpoyamba," anatero aphunzitsi, chitsononkho chili patebulo ngati umboni wa kukhoti.

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima unali utathawira kwathu. Ife tinakula dziko lino lilibe wailesi yakanema, poti TVM inadzayamba mu 1999. Tinkaunjikana m'kanyumba ka vidiyo, fungo la thukuta lili guu, kuonera Rambo, Commando ndi Chuck Norris. Tikatuluka, phesi lililonse linali mfuti. Mu 1993 asilikali atalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ife tinabwereza nkhondoyo kuseri kwa sukulu mpaka mvula inatha, ngakhale aliyense ankakana kukhala Payoniya. Ndikawerenga bwino, ine ndekha ndinapha anthu oposa a m'mudzi mwathu, ndipo mnzanga wina ndinamupha kasanu tsiku limodzi, iye n'kumadzuka kukakodza.

Ndiye mmera umenewo uli kuti? Rambo wathu lero ndi mkulu wa mpingo, nkhuku ya alendo amapempha mkazi wake kuti azinge. Chuck Norris wathu amagulitsa mayunitsi. Ine, mkulu wa asilikali, galu wa aneba akauwa ndimazungulira njira yakumsika.

Ku London, mphunzitsi wina, Penny Holland, adalemba buku mu 2003 lotchedwa We Don't Play with Guns Here, atafufuza sukulu za mkaka zoletseratu masewera a mfuti. Adaona kuti anyamata sasiya, amangophunzira kubisa. Wangayo sanawerenge bukulo, koma aphunzitsi atamufunsa kachiwiri anaika chitsononkho kukhutu n'kunena kuti ndi foni.

"Taonani atsikanawa," anatero aphunzitsi, "phee, alibe vuto."

Ndinaonadi. Pakona panali masanje: tizitini, mchenga, masamba a bonongwe wabodza. Kamtsikana kena, kansalu m'chiuno, kanatsitsa chidole kumsana, n'kutola kakamtengo. "Ndinati chiyani ine? Ukulira chiyani? Tonthola ndisanakuwonjezere!" Thwa! Thwa! Mnzake, osatembenuka n'komwe pa mphika, anangoti, "Mumenyeni, amake mwana, waonjeza mwano." Kenako anakoka kamnyamata kena kuti kakhale bambo. Ntchito ya bambo inali yochepa: kulowa akudzandira, kukankha mbale ndi phazi, kugona.

Apa kuseka kunandithera. Nkhondo ya anyamata ija ndi ya m'kanema, ndipo ili ndi malamulo ake. Wakufa amadzuka, wina akalira zenizeni nkhondo imaima, adani onse n'kuunjikana kudzaona bondo. Koma mawu a pakonawo sanachokere kwa Rambo. Ndi athu, a m'nyumba zathu, mpaka kakwezedwe ka mawu. "Ndisanakuwonjezere" ameneyo ndimamudziwa bwino. Ndinamumva kwa mayi anga, ndipo Lamlungu lomweli anatuluka m'kamwa mwanga. Chidole sichidzuka kudzati tsopano ndi nthawi yanga, chimangomenyedwa. Ndipo poti sichichita phokoso, palibe kholo limene limaitanidwa.

Sindikuti atsikana ndi ankhanza, kapena kuti anyamata aziloza aphunzitsi zitsononkho. Wanga ndinamuuza kuti akapepese, ndipo anapepesa, ngakhale anaonjezera kuti mawa agweko pang'ono.

Tikubwerera ndinamufunsa chifukwa chake sasewera nawo masanje.

"Amandiuza ndikhale bambo."

"Nanga ubambo ndi woipa?"

"Bambo sasewera, adadi. Amangokalipa n'kugona."

Chitsononkho chinali m'thumba mwanga, aphunzitsi anandipatsa kuti ndikataye. Ndinachitulutsa, n'kumubwezera. Anandiwombera pomwepo, pafupi ndi amayi ogulitsa mandasi, ndipo ndinagwa ndithu, ndi buluku la kuntchito.