Ulemu kwa Achibwibwi, Wailesi ya Chimbale ya M'galimoto za ku Chadiza

M'galimoto yonyamula anthu pakati pa Chipata ndi Chadiza mfumu imakhala imodzi, ndiye dalaivala. Akati kutsogolo mukhale atatu, mumakhala atatu. Akati thumba la soya likhale pamiyendo panu, mumangolilandira. Akakweza nyimbo mpaka mano kugwedera, agogo a kumbuyo amangokokera mpango m'makutu, poti ndalama alipira kale ndipo ulendo ukadali wautali. Wolimba mtima ndi mmodzi yekha, wailesi ya chimbale imene ili m'dashibodi. Wufa, sipika yaikulu ya m'buti, ikangoti gu! wailesiyo imadula nyimbo, woimba n'kubwereza liwu limodzi kanayi. Anthu amaitukwana wailesi imeneyi. Ife lero tiivulira chipewa, ndipo tiitchula mwaulemu kuti Achibwibwi.

Inu Achibwibwi, ndinu mlendo wochokera kutali. Ambiri a inu munabwera m'mimba mwa Corolla, Spacio kapena Noah zimene zinayamba zatumikira ku Japan, kenako n'kukwera chombo mpaka Dar es Salaam. Mabatani anu ndi olembedwa m'Chijapani, ndipo FM yanu imayambira pa 76 n'kuthera pa 90, pamene nyumba zambiri za wailesi kuno zimaulutsira kupitirira pamenepo. Choncho dalaivala amene sanaikitse kachipangizo kowonjezera mafunde amadalira inu nokha. Mumamuimbira kwaya ya RCZ Lamulungu, Angela Nyirenda pakati pa sabata, Lucius Banda akakumbuka abale a kutsidya kwa malire, ndi Alick Macheso soya akagulidwa bwino. Malipiro anu ndi fumbi ndi mbama.

Okunyozaniwo akanadziwa ntchito imene mumagwira, akanachita manyazi. Chimbale cha CD, chimene makampani a Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, n'chotambalala masentimita 12 okha, koma nyimbo zake zili pa kamzere kamodzi kozungulira kuchokera pakati kupita kumphepete, kotalika makilomita oposa 5. Timizere timeneti n'topanikizana kwambiri moti m'kunenepa kwa tsitsi limodzi mungakwane pafupifupi 40. Chimbalecho chimazungulira maulendo 200 mpaka 500 pa mphindi, ndipo kadiso kanu ka laser kamayenera kulondola kamzere kamodziko osaphonya. Ntchito imeneyi n'chimodzimodzi kulowetsa ulusi m'singano uli pangolo, ng'ombe zikuthamangira kudambo. Okupangani anakumangani pa timasipuling'i ndi timalabala tofewa kuti kugwedezeka kusakufikeni, enanu anakupatsani kokumbukira masekondi angapo a nyimbo kuti mukapunthwa omvera asadziwe. Koma anaganizira misewu ya Osaka. Sanaganizire mnyamata wa pa Boma amene wangolandira ndalama za chimanga ku FRA, n'kugula bokosi la mawufa awiri a mainchesi 12 ndi ampu yolembedwa ma watt ochititsa mantha.

Wufa ndi mdani wanu, koma ndi amene amakutchukitsani. Iye amaimba mawu apansi, ochepera ma hertz 100, amene munthu amawamvera m'chifuwa kuposa m'khutu. Mawu otere sayenda mumpweya mokha. Amalowa m'chitsulo cha galimoto, kudutsa pansi pa mipando, kukwera m'dashibodi, mpaka kukagwedeza kadiso kanu. Nambala puleti imanjenjemera, galasi loonera kumbuyo limaonetsa anthu awiriawiri, chitseko chimalira, koma zonsezo zimapirira. Inu nokha ndi amene mumaima n'kunena kuti apa pokha zanyanya. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ukulu wanu woyamba ndi woti ndinu makaniko wosalipiritsa. Mukadumpha galimoto ili chiimire pasiteshoni, bezi ikangomenya, ndiye kuti mukuulula za amene anakuikani. Mwina anakusomekani m'bowo opanda kachitsulo kokugwirani kumbuyo, mukungolendewera pa timasikulu tiwiri. Mwina anakupendeketsani kupitirira madigiri 30 amene mabuku ambiri a wailesi amaloleza. Mwina munali watsopano m'katoni, ndipo iye anaiwala kuchotsa timasikulu ta pamwamba timene amamangira makina anu kuti asawonongeke paulendo, choncho timasipuling'i tanu sitinagwirepo ntchito chibadwire. Mwinanso bokosi la wufa silinamangidwe, likungovina lokha m'buti limodzi ndi jeke ndi nkhuku.

Ukulu wachiwiri, ndinu mlonda wa batire. Ampu ikamatulutsadi ma watt 500 imakoka magetsi opitirira ma amp 40, pamene alternator ya kagalimoto kakang'ono siyipereka zochuluka kuposa kawiri kake, ndipo iyenera kudyetsanso nyali ndi injini. Bezi ikamenya, magetsi amene amayenera kukhala pafupi ndi ma volt 14 injini ikulira amatsika mwadzidzidzi, nyali zimaphethira, inu n'kupunthwa. Dalaivala wanzeru akaona kuphethirako amayang'ana mitu ya batire, amapala penti pamene pamangidwa waya wa earth kuti ukhudze chitsulo chenicheni, ndipo amachotsa waya woonda wa m'nyumba umene anaugwiritsa ntchito podyetsa ampu. Wopanda nzeru amakumenyani mbama, mawa lake n'kumapempha ana asukulu kuti amukankhe.

Ukulu wachitatu ndi umene uyenera mendulo: ndinu woyendera misewu wosadya ziphuphu. Msewu wa Chipata ndi Chadiza unali m'gulu la misewu yolonjezedwa phula pansi pa Link Zambia 8000, ndondomeko imene boma la Michael Sata linakhazikitsa mu 2012, ndipo ntchito yake inatha zaka zambiri ikuyamba n'kuima. Nthawi yonseyi panalembedwa malipoti ambiri, koma losakometsera linali lanu. Dzenje lililonse munalilengeza nthawi yomweyo, pamaso pa mboni zisanu ndi ziwiri ndi mbuzi. Mpaka lero, wopita kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume angathe kutsinzina n'kudziwa pamene mvula inakokolola, pongowerenga maulendo amene kwaya yabwereza aleluya.

Pa za fumbi ndinunso mboni. Mu Ogasiti, pamene galimoto zimakhamukira ku Mkaika ku Katete kumwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, mphepo imakhala itauluza dothi lonse la m'minda, ndipo lina limakagona pa kadiso kanu. Simubisa. Mumadumpha ngakhale wufa atatsekedwa pakamwa. Simubisanso za zimbale zokopera pakompyuta zimene zinawotchedwa mothamanga, zosungidwa padzuwa pamwamba pa dashibodi, zopukutidwa ndi nsanza ya oilo. Chimbale chenicheni chokhala ndi kachipsera kakang'ono mumachikhululukira, poti munaphunzitsidwa kudzaza nokha pamene pasowa. Koma chokandika mozungulira, motsata mzere wa nyimbo, mumachilavula pagulu.

Ndipo ndani wina m'galimotomo amasamala za makutu a anthu? Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la ma decibel 85 munthu angalipirire maola 8, ndipo likakwera ndi ma decibel 3 okha nthawiyo imadulidwa pakati. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa biliyoni imodzi padziko lapansi ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha kamvedwe kawo ka nyimbo. Dalaivala sangamvere WHO, sangamvere apongozi ake, koma nyimbo imene amaikonda ikaduka kachisanu, dzanja limapita lokha kukatsitsa voliyumu. Khanda la kumbuyo limagona. Amayi ake amati, "Mwachita bwino, achimwene," kuthokoza munthu wolakwika. Simudandaula. Mukudziwa kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo mwapulumutsa mawufa ambiri amene akanapsa mwezi usanathe.

N'zachisoni kuti njira zokutsekerani pakamwa n'zodziwika, ndipo anthu osayamika amazitsata mwadongosolo. Amayamba ndi kuzula fyuzi ya ampu kuti aone ngati mudumphabe wufa ali chete. Mukadumpha, amayesa chimbale china chosakandika, amachipukuta ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita kumphepete, kenako amatsuka kadiso kanu ndi kathonje konyowetsa ndi spirit. Mukakhala bata mpaka wufa atabwerera, amakusololani m'dashibodi, amakumangani mbali zonse ndi kumbuyo komwe, amatsekera mipata ndi siponji, amakhomerera bokosi la wufa pansi n'kuliyalira labala, amatsitsa gain ndi bass boost pa ampu. Mukakanabe, amayeza magetsi. Taonani, pofuna kukutontholetsani, akonza mawaya, amanga zomasuka, apulumutsa batire, achepetsa phokoso. Ngakhale pogonja mumasiya galimoto ili bwino kuposa mmene munaipezera.

Chimene tikuopa ndi mbadwo watsopano umene wakulandani malo. Fulashi, memori khadi ndi Bluetooth zilibe diso, zilibe chozungulira, choncho sizidumpha. Galimoto igwere m'dzenje, ekisozi ithothoke, khutu la khanda lilire, izo zimangoimba mokoma, dalaivala n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Anyamata amati n'chitukuko. Ife tikuti mfumu yapeza nduna zongovomera.

Choncho tikupempha kuti Achibwibwi asatayidwe kudzala, apatsidwe ntchito m'boma. Kontrakitala aliyense akamaliza msewu m'boma la Chadiza, kaya wopita ku Chanida kumalire a Mozambique kaya wolowera ku Vubwi, asathamangire kudula riboni. Akuluakulu atsike m'magalimoto awo ofewa, akwere Spacio yakale, aike chimbale cha kwaya, ayende msewu wonse kuchokera koyambira mpaka kothera. Nyimbo ikatha bwinobwino, munthuyo alipidwe tsiku lomwelo. Ikadumpha, achotseredwe ndalama pa aleluya aliyense wobwerezedwa.