Chetechete wayamba kuutsa nyama

Akuluakulu adati chetechete sautsa nyama, ndipo palibe mlenje adatsutsapo. Koma mwambiwu udapekedwa mphwanga asanagule maikolofoni. Mwezi watha adandikhazika pabedi m'chipinda chake, chomwe masiku ano akuchitcha situdiyo, n'kundiveka mahedifoni, kenaka n'kulamula nyumba yonse kuti itseke pakamwa. Tonse tidangoti duu. Pomwepo nyama zidadzuka, osati imodzi.

Yaikulu ndi ija imang'ung'udza pansipansi osapuma, mmmm. Imeneyo kwawo n'kumagetsi. Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho phokosolo limakhala pa 50 Hz, pafupi ndi G wapansi wa besi gitala, ana ake ali pa 100 ndi 150. Woimba wosaitanidwayu sasintha kiyi. Ngati nyimbo yanu ili kwina, zanu zimenezo. Mnyamatayo adaonera katswiri wa ku America pa YouTube akulangiza kudula 60 Hz. Adadula ndi mtima wonse, besi yake n'kuonda, mlendo uja ali chiimbire. Magetsi a ku America ndiwo a 60.

Kusaka kwake n'kotopetsa: kuzula nthambo imodzi, kumvetsera, kubwezera, kuzula ina. Yambani ndi chaja ya laputopu. Phokoso likatha laputopuyo ikamayendera batire, nthawi zambiri mwagwira ground loop: laputopu ili pasoketi iyi, masipika pasoketi ya khoma lina, chilichonse ndi njira yake yopita ku earth, pomwe nthambo ya mawu yazilumikizanso, ndiye timagetsi tochepa timangozungulira m'menemo. Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi, kulumikiza zonse pa ekisitenshoni imodzi. Nthambo ya XLR, ya timano titatu ija, imathandizanso. Imanyamula mawu kawiri, kwinako atazondoka, kotero phokoso lotoledwa m'njira limafafanizika pofika.

Zina ndi tinyama ting'onoting'ono. Ka didididi kaja ndi foni, yomwe pa netiweki ya 2G imalankhula ndi nsanja modukizadukiza ka 217 pa sekondi, ikagone kukhitchini. Ka thwa ka apo ndi apo ndi firiji ikamadzuka. Sssss ndi gain yomwe mwakweza chifukwa mukuimbira patali ngati mukuopa apongozi.

Titangomaliza zonsezi, maikolofoni ya condenser, yodya 48V ija, idayamba kugwira ntchito imene adaigulira: kumva. Idamva tambala wa kuseri, chigayo cha kumsika, mayi ake akusefa ufa, ngakhale mimba yanga. Iye adaloza mathireyi a mazira omwe adakhoma khoma lonse, nkhope ili yodandaula. Mathireyi amenewo satchinga phokoso lakunja, ndipo ndikadakhala mfumu ndikadawabweza onse kwa ogulitsa mazira. M'nyumba ya malata, maikolofoni ya dynamic yonga Shure SM58, yomwe idatuluka mu 1966, ikakhala pafupi ndi mlomo imasunga chinsinsi cha banja kuposa condenser yodula.

Magetsi atathima, mmmm uja adafa yekha, mnyamata n'kuthamangira kukaimba pa batire. Ndime isanathe, jenereta ya aneba idatsokomola.

Chimene chidandigwira mtima n'chakuti ngakhale pulogalamu ya Audacity, kuti ichotse phokoso, imayamba yapempha masekondi angapo pomwe palibe akuyankhula, kuti imudziwe mdaniyo. Achinyamata ambiri amafuna kumveka asanamvetsere chipinda chawo chomwe, kenaka amafinya fayilo mpaka mawu kusanduka a munthu wina.

Pomaliza, alipo anzeru zachidule amene amathyola dzino lalitali la pulagi, la earth lija, poti akatero phokoso limatha. Limathadi. Koma dzino limenelo ndilo limakutetezani chipangizo chikawonongeka mkati, inu mlomo uli pa chitsulo cha maikolofoni. Chonde achimwene, lisiyeni dzinolo.