Chitamando cha Sutikesi Yosochera

Alakatuli a dziko lino atamanda nyanja ndi mapiri, alaliki atamanda kupirira kwa Yobu, ndipo andale atamandana okhaokha mpaka mawu kusasa. Koma kufikira lero sindinamve munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale mwa iwo amene anapindula nayo, ataimirira pabwalo kunenera zabwino sutikesi yosochera, mphunzitsi wofatsa uja amene amachingamira Mmalawi pa ulendo wake woyamba wa kunja, namuvula ulemerero wake wonse asanaone n'khomo lomwe la hotela.

Masiku ano kwabuka maulendo olipiriratu, amene munthu apereka ndalama kamodzi kwa wokonza ulendo, nalonjezedwa kuti ndege, pogona, chakudya ndi basi yoyendera zonse zili momwemo. Aphunzitsi opuma pantchito, amayi a banki m'khonde ndi akuluakulu a kwaya amasonkha miyezi yambiri kuti akaone Cape Town, ndipo amasankha Julaye popeza mitengo imatsika, osauzidwa kuti chotsitsa mitengoyo ndi chisanu, mphepo ndi mvula zimene zimagwa kumeneko nyengo yomweyo.

Tsono taonani ulemu umene sutikesi imalandira usiku woti mawa ndi ulendo. Aiyala pamphasa, banja lonse litaizinga, ndipo poti ndege imaloleza makilogalamu 23 okha, akabwereka sikelo kwa wogula nandolo, amene sikelo yake sinanenepo zoona chibadwire. Alowetsamo suti ya paukwati, majuzi a pakaunjika, nsapato zimene sizinapondepo fumbi, mpango, ndi chitenje chosachapa. Pamwamba pa zonsezo, mwaulemu woyenera mfumu, aikapo thumba la ufa woyera, kapaketi ka usipa ndi mthiko. Pano ndiime pang'ono, pakuti mtima wanga umasefukira. Munthu walipiriratu chakudya cha hotela, akupita ku South Africa kumene ufa wa chimanga uli m'sitolo iliyonse ndipo eni dziko amadya nsima yawo imene amaitcha pap. Komabe iye, wosakhulupirira chigayo cha mtundu wina, asenza ufa wa m'munda mwake kuwoloka nawo Zambezi ndi Limpopo mlengalenga, wosadziwa n'komwe mafuwa amene adzaphikirepo m'chipinda cha nsanjika yachisanu. Ufa wotere, wokonoledwa, wonyikidwa, woyanikidwa ndi apongozi, suyenera kodi kuyenda ulendo wakewake?

Ndipo umayendadi. Wochokera ku Lumbadzi kapena ku Chileka amayamba watera ku Johannesburg, kumene mwambo wake ndi wakuti wolowa m'dziko atenge katundu wake, adutse naye kwa oyang'anira za m'malire, nakamperekenso ku ndege yopita ku Cape Town. Koma atcheya a gulu, amene anakwerapo ndege kalekale ndipo sangadzichepetse kufunsa mwana wovala yunifomu, amalengeza kuti katundu adziwa yekha njira. Safunsa anadya phula, ndipo apa gulu lonse limadya nawo. Sutikesi imatsala ku Joni. Sindiiweruza konse, pakuti ingotsata mapazi a agogo athu amene Wenela inawatengera kumigodi, ena nabwerako ndi mabokosi achitsulo odzaza mabulangete, ena natchona osatumiza ndi kalata yomwe; sutikesi ya ku Malawi ikanunkhiza mpweya wa Joni, nayonso mtima wa utchona umaigwira.

Ku Cape Town mwini wake amaima pa lamba wozungulira uja, maso ali tong'o, kupenya masutikesi a anthu a mitundu yonse akutuluka natengedwa, kufikira lambayo aima, nyali yake nizima. Pamenepo amulozera ku kazenera kumene kumakhala bwana wa nkhope yosadabwa kanthu, amene amatulutsa chipepala cha zithunzi za masutikesi nafunsa kuti yanuyo ndi yotani. Yakuda, bwana. Inde, yakuda, monga momwe zilili pafupifupi zonse zimene zinapangidwa pansi pa thambo! Akafunsidwa za m'katimo atchula suti, atchula nsapato, koma pofika pa usipa lilime limalemera. Bwanayo amalemba nambala pa kapepala, nalonjeza kuti mawa. Ndipo mawa la pabwalo la ndege ndi mbale wake weniweni wa mawa la m'maofesi a kwathu, kumene fayilo ya penshoni imakalamba pamodzi ndi mwini wake. Mayiko nawonso anailemekeza sutikesi koposa munthu, pakuti pangano la ku Montreal la 1999 limaipatsa masiku 21 isanatchedwe yotayika, pamene tchuthi cha mwini wake chimatha pa sabata imodzi.

Apa ndipo ubwino wake uonekera. Akulu a mpingo amene ananyamula masuti oti azisintha m'mawa ndi madzulo, ndi mayi uja amene anakongola ndalama ya zovala zojambulitsira, onse amasanduka ofanana, yense ndi malaya amene anakwera nawo ndege, nachapa usiku m'beseni la m'bafa ndi kasopo ka hotela, nawavala m'mawa ali chinyezi. Ana a Israyeli anayenda zaka 40 m'chipululu zovala zawo zosang'ambika, koma sitinamve kuti anafika nazo pa gombe lozizira la Atlantic. Zithunzi zonse zotumizidwa pa WhatsApp zimaonetsa malaya amodzimodzi, kotero kuti otsala kumudzi amayamba kunong'onezana kuti munthuyo anangojambulitsa tsiku limodzi. Sutikesi yosochera imaphunzitsanso mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene anaika mankhwala a shuga mu sutikesi m'malo mwa kachikwama ka m'manja sadzaiwalanso.

Imakhalanso chishango cha wokonza ulendo, ndipo apa kuseka kumandithera. Chikepe chokwera pa Table Mountain chikaimitsidwa chifukwa cha mphepo, boti lopita ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, likalephereka chifukwa cha mafunde, palibe wofunsa kuti nanga ndalama zathu zibwezedwa liti, pakuti onse mitima ili ku Joni. Zikadziwika kuti mawu aja akuti zonse zili momwemo sanali kunena za nkhomaliro, ndi kuti foni ya wokonza ulendoyo yaleka kupezeka, anthu okalamba amene anasonkha chaka chathunthu amagawana mabanzi obisa m'matumba kuchokera pa kadzutsa. Wowachitira chifundo ndi mnyamata woperekera zakudya, wa kwathu konkuno monga ali ambiri mumzindamo, amene akamva Chichewa amagwira m'manja nati, "Pepani makolo anga, ufa ulipo pa sitolo ya pakonapo, ndikaweruka ndikakuphikirani kwathu."

Sutikesi imafika ndithu, pakuti siinama ngati anthu: imafika madzulo oti mawa ndi ulendo wobwerera, gudumu limodzi litathyoka, ufa utaphulika nuyeretsa suti ya paukwati, usipa utadalitsa chovala chilichonse ndi fungo la ku Nkhotakota. Mwini wake amaisayinira, naikoka kubwerera nayo kwawo.

Tsono inu anansi okondedwa, amene simunasonkheko ngakhale tambala, koma munabwera usiku ndi mndandanda wa mafoni, mafuta onunkhira ndi nsapato za ana anu, muyeso wake mutayeza ndi luzi: lekani kuima pampanda kufunsa kuti watitengera chiyani. Ndalama za mphatso zanu zinagula mswachi, zovala zam'kati ndi juzi limodzi. Ngati mukufunabe cha kunja, bwerani ndi mbale. Ufa wokayenda ku Joni ulipo wotsala, ndipo tikupatsani.