Udindo Wanga Wojambula Zigaza

Mwa maudindo onse amene munthu angalandire pano pa Lizulu, pamene mseu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, kotero kuti wooloka kukagula anyezi amakhala atatuluka m'dziko popanda pasipoti, ine kapolo wanu ndidasenzetsedwa wolemera koposa: kuyang'anira zizindikiro za ngozi m'sitolo ya abwana anga, ogulitsa mankhwala opopera mbatatesi, kabichi ndi matimati. Sindidakane, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Odziwa za mankhwalawa, monga a bungwe la Pesticides Control Board la ku Bvumbwe, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000, sadatisiye mumdima. M'munsi mwa pepala lomata pabotolo mumakhala mzere wa mtundu: wofiira, pamodzi ndi chigaza ndi mafupa awiri opingasa, ndiwo wa poizoni woopsa kwambiri, wachikasu ndi woopsa ndithu, wabuluu ufuna kusamala, ndipo wobiriwira, ngakhale uli wofatsa mwa onse, suloleza munthu kunyambita chala. Papepala pomwepo pamalembedwanso muyeso wake, zoyenera kuvala popopera, ndi masiku oyembekezera munthu asanakolole.

Koma taonani, mlimi wa kuno sagula botolo lathunthu. Amadza ndi kabotolo ka chakumwa chozizira kuti amupungulireko, ndipo poizoni amapita naye kunyumba pamene chenjezo latsala pashelefu. Mabotolo ena, ochokera tsidya la mseu, amalankhula Chipwitikizi chokhachokha. Poona nkhosa zopanda mbusa zotere, ndidatenga cholembera chofiira ndi zidutswa za katoni, ndi kuyamba kujambula zigaza ndi dzanja langa, limene aphunzitsi anga a ku pulayimale adalitaya mtima kalekale.

Ntchitoyo idabala zipatso msanga. Mayi wina adafika nati, "Achimwene, ndipatseni aja ali ndi chithunzi cha mbatatesi, paja ndiwo amakulitsa." Ndidafotokoza mwaulemu kuti chimenecho ndi chigaza cha munthu wakufa; iwo adachiyang'anitsitsa, naloza maso ake, nati pamenepo ndi pophukira, nagula awiri.

Pofuna kuti mantha achuluke, ndidachulukitsa zigaza. Ndidamata pathumba la feteleza, pasikelo, pachitini cha mchere, panjinga ya abwana, ngakhalenso paketulo, popeza madzi owira nawo amavulaza. Alonda athu, amene amamwa tiyi wa m'ketuloyo m'mawa uliwonse osamva ngakhale m'mimba, adalengeza pamsika ponse kuti zigazazo ndi zokongoletsa chabe. Ndipo kuyambira pamenepo anyamata onyamula katundu amagwira botolo la mzere wofiira ndi manja omwewo odyera chipisi.

Abwana adandiitana, nati, "Iwe, ukamakuwa kuti njoka pa chingwe chilichonse, tsiku la mamba adzakumvera ndani?" Adalamula kuti mankhwala azigulitsidwa m'botolo lake lomwe, pepala lake likuwerengeka, ndi kuti wogula azilozeredwa mzerewo ndi chala, chifukwa safunsa adadya phula. Cholembera adandilanda, zigaza zanga nazitentha.

Chidapulumuka chimodzi chokha, chimene anthu akuchiopabe ndi mtima wonse: chija ndidamata pachitseko cha chimbudzi cha sitolo. Kufikira lero lino wolowamo ndine ndekha, ndipo monga katswiri wa za ngozi, sindikuona chifukwa chochichotsera.